Maliro a Mwana Wamoyo

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu amene mudzabadwe ine nditapita, khalani pansi muwerenge. Pensulo ndi yobwereka koma dzanja ndi langa. Zilembo ndidaziphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, n'chifukwa chake zina zaima, zina zagona, zina zikuvina. Zisiyeni zivine. Za ubwana wanga kwa Chezi sindilemba, mbuzi ndi mbuzi, mtondo ndi mtondo, aliyense adasinjapo. Ndilemba za ntchito. Pakuti ine Eneresi NaPhiri, amene mumandiona ndikusenda chinangwa pakhondepa, ndidali wa pakanema. Nkhope yanga idayenda Dowa yense, idayenda Ntchisi yense. Nkhope idakwera mapiri, mwini wake ali kunyumba akuchapa matewera.

Chaka chimene ndidakwatiwa

Agogo anu aamuna, a Yosofati, adali kalipentala pa Dowa Boma, koma kwao kudali mudzi wina kufupi ndi Malomo. Tidapeza kanyumba kuseri kwa msika, ndipo ine ndidapeza ntchito yosesa ndi kuphika tiyi pa kaofesi kena ka anthu oyenda m'midzi kuphunzitsa zaukhondo. Anthuwo adali ndi galimoto ya kanema. Bwana wake adali a Mbewe, munthu wamtali, woonda, woyenda chowerama ngati akufunafuna singano. Tsiku lina m'mawa ndikusesa pakhonde, ndidayesa kulibe munthu, ndiye ndidayamba kuyenda monga iwo, tsache kumsana, khosi patsogolo, kanyimbo pakamwa. Potembenuka, a Mbewe ali chilili pakhomo. Ndidagwada pomwepo tsache lili m'manja.

"Pepani bwana."

"Pepani wanuyo sindikumufuna. Bwerezani."

"Ndibwereze chiyani bwana?"

"Kuyenda kwanga. Anthu amanena kuti ndimayenda moipa, lero ndikufuna ndidzionere."

Ndidabwereza. Sadaseke. Adangoti, "Mawa mubwere ndi chitenje chakutha, chong'ambika bwino." Ntchito ya kanema idayamba choncho, popanda kalata, popanda mayeso.

Ndikuuzeni mmene kanema wathu adalili, chifukwa wanu wa m'mafoniyu ndi wina. Wathu adalibe mawu. A Mbewe ankajambula ife tikuyenda, tikutunga, tikukangana ndi manja, pakamwa pakutseguka koma mawu zii. Mawu ankaikapo ndi a Chidzanja, dalaivala wa galimoto, munthu wamimba, wanthabwala. Akafika pamudzi ankamanga chinsalu choyera pamitengo iwiri, kuliza injini ya magetsi, n'kutenga chokuzira mawu. Mkazi akalankhula pachinsalu, a Chidzanja ankachepetsa mawu ngati mkazi. Mbuzi ikadutsa, a Chidzanja ankalira ngati mbuzi. Ife ochita sewero sitinkayenda nawo, malo m'galimoto mudalibe. Ndipo nkhani zonse zinkakhala za akazi awiri: Naukhondo, wochita zonse bwino, ndi Namatope, wolakwitsa zonse. A Mbewe adandifunsa kuti ndikufuna uti. Ndidati Namatope. Naukhondo ankangoima ndi ndowa yoyera ngati mtengo wa mbendera, akumwetulira mpaka masaya kuwawa. Koma Namatope, ana anga, Namatope ankagwa m'chithaphwi, ankathamangitsa nkhuku m'mbale, ankagona pamthunzi nkhumba ikunyambita mphika. Namatope adali ndi moyo. Dzinalo lidandikakamira mpaka lero, ndipo ndidalikanapo kamodzi kokha.

Chosowa chachikulu chidali filimu, kachingwe kaja kolowa m'kamera. Inkabwera pang'onopang'ono kuchokera kutali. A Mbewe ankati, "Filimu si mchere woti mukapemphe kwa mnansi. Mukagwa, mugwe kamodzi, mugwe bwino." Ndiye tinkayeserera kasanu, kakhumi, kamera ili chitsekere, kenako iwo n'kuti, "Tsopano zenizeni." Ukayetsemula, kuyetsemulako kunkalowa m'kanema, anthu a ku Ntchisi n'kudzakuona ukuyetsemula zaka ndi zaka.

Chaka chimene Esinati adali kumsana

Mayi wanu wamkulu Esinati adali ndi miyezi isanu pamene tidajambula kanema wa madzi. Nkhani yake idali yakuti Namatope amatunga padambo pomwera ng'ombe, saphitsa, mwana amatsegula m'mimba, mwana amamwalira. Tidapita kukajambula pamudzi wina kunsi kwa phiri. Zonse zidayenda, kutunga kudayenda, kumwetsa kudayenda, mpaka tidafika pa maliro. Chidole chimene adaitanitsa sichidabwere. A Chidzanja adadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuligoneka pamphasa. A Mbewe adasuzumira m'kamera, n'kudzutsa mutu.

"Iyi ndi nthochi."

"Bwana, akaonera patali sazindikira."

"A Chidzanja, anthu a ku Ntchisi nthochi amaidziwa. Adzaseka pamaliro, ndipo madzi sadzaphitsa."

Dzuwa lidali litapendeka, filimu yatsala yochepa, mafuta obwerera mawa palibe. Esinati adali mtulo kumsana kwanga, kachipewa kake kumutu, kachipewa kokhala ndi kampira pamwamba kamene adaluka agogo ake a ku Malomo. Palibe adandipempha, izi ndilembe poyera. Ndine ndidati, "Tengani wangayu, akagona sadzuka msanga." Tidamugoneka pamphasa, tidamufunda nsalu mpaka m'khosi, tidapinda mphasa mbali iyi ndi mbali iyo. A Mbewe adati, "Zenizeni." Ine poyang'ana pansi, kankhope kali phee, timanja tabisika, misozi idabwera yokha osaiitana. Ndidalira kulira kwa m'mimba. Ndidagubuduka pafumbi. A Mbewe atatseka kamera adavula chipewa. Koma mayi wina wachikulire wa pamudzipo, amene ankaonerera, adalavula pansi n'kutembenuka, osatsazika.

Kunyumba ndidawauza a Yosofati. Adasiya kupala thabwa, adandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanayo ali bwino?" Ndidati ali bwino, si uyu akuyamwa. Adati, "Chabwino. Koma kwathu zisamveke." Tonse awiri tidaiwala kuti galimoto ili ndi matayala.

Chaka chimene Esinati adayamba kuyenda

Filimu inkapita kutali kukatsukidwa, ndipo iyi idachedwa mpaka dzinja lidadutsa. Dzinja limenelo misewu idaonongeka, ku Malomo sitidapiteko, kalata sitidalembe. Filimu itabwera, a Chidzanja adanyamuka nayo ulendo wa ku Ntchisi, ine ndidatsala ndi tsache langa.

Lachiwiri lina masana ndili pakhomo ndikupeta mpunga, Esinati akuyenda dzandidzandi ndi bango lake m'manja, ndidamva kulira kuchokera kumsika. Kulira kwa maliro, kuja amayamba anthu akayandikira nyumba ya siwa. Anansi adatuluka. Poyang'ana, ndi apongozi anga aakazi, anaBanda, avala zoyera za kumpingo, manja kumutu. Pambuyo pao azilamu anga awiri, wina wasenza dengu la ufa, wina nkhuku m'khwapa. Mtima wanga udati, apongozi aamuna atisiya. Ndidataya lichero, mpunga mbwee, ndidathamanga kukawachingamira ndikulira. Tidakumbatirana pakati pa njira, iwo akulira, ine ndikulira, anansi nawo adayamba, mayi wogulitsa tomato adasiya tomato wake n'kubwera kudzathandiza. Tidalira mpaka pakhonde. Ndikupukuta maso, ndidaona apongozi aamuna, a Gamaliyeli, akubwera pambuyo ndi ndodo yao, amoyo, jekete lakuda, Baibulo m'manja. Ndidasokonezeka.

"Amayi, kodi watisiya ndani?"

AnaBanda adaleka kulira pakati. "Ukufunsa ife? Mwaika mwana osatiuza, tikamve ndi chinsalu pabwalo la sukulu ngati anthu akudza, ndiye ukufunsa ife?"

Nthawi yomweyo Esinati adafika, adagwira chitenje cha agogo ake ndi dzanja la mango, n'kuyang'ana kumwamba. AnaBanda adayang'ana pansi. Adakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi zoyera zao. Adamugwira mutu, adamugwira miyendo, adamutsegula pakamwa kuona mano. Nkhuku yokha ndiyo inkalankhula.

Mudziwe kuti ine ndi apongozi aamuna sitinkayang'anana kumaso, ndiwo mwambo umene tidaupeza. Ndikafuna kulankhula nawo ndinkagwada chapatali, kumbali, mawu n'kudzera mwa anaBanda, ngakhale iwo akumva okha. Tsiku limenelo adakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, msana kwa ine. A Yosofati adabwera akuthamanga kuchokera kuntchito, utuchi uli m'tsitsi, adakhala pansi. A Gamaliyeli adalankhula motsitsa, monga ankachitira pa bwalo la akulu a mpingo.

"NaBanda, auzeni kuti Loweruka tidaona mdzukulu wathu pamphasa, ndi chipewa chimene mudaluka inu. Auzeni kuti Lamulungu ine ndidaimirira m'tchalitchi, ndidalengeza maliro ndi pakamwa pangapa. Anthu adaimba nyimbo. Ufa uwu ndi wa anthu." Adapuma. "Auzeninso kuti manyazi anga ndi nkhani yaing'ono. Mwana wamoyo sakulungidwa m'mphasa. Imfa saiyeserera, imamva."

AnaBanda sadabwereze, ndidamva ndekha. Ndidati, "Amayi, auzeni kuti lidali sewero. Dzina lija la Namatope si langa."

"Ife tidayesa ndi dzina limene akupatsa kuno ku Boma," adatero anaBanda. "Ndipo tidati likukuyenera, madzi amene aja."

A Gamaliyeli adamaliza mlandu. Lachisanu abwerera kumudzi. Ngati ndikufuna banja, ndisiye ntchito ya zithunzi, ndilongedze, ndikakhale ku Malomo pamaso pao. Ngati ndikufuna zithunzi, ankhoswe akumane, a Yosofati aone chochita. Masiku atatu.

M'mawa mwake Esinati adadzuka thupi latentha. Ana anga, apo ndiye ndidadziwa mantha. AnaBanda ankangondiyang'ana, ndipo kuyang'anako kudaposa mawu. Ndidathamanga naye kuchipatala ndikupemphera njira yonse, Ambuye musamve zimene ndidachita pamphasa paja, lidali sewero, Inu mukudziwa sewero. Adamuona, adati ndi mano akumera, adatipatsa mankhwala. Pofika madzulo adali akuthamangitsa nkhuku ya maliro ake. Koma ine mtima sudabwerere pamalo.

Lachinayi ndidapita kuofesi, osagwira tsache. Ndidati, "Bwana, filimu ija muiotche." A Mbewe adavula magalasi. Adati filimu si yao, sangaiotche, koma ngati ndikufuna kusiya ntchito sandiletsa, banja ndi banja. A Chidzanja adali pomwepo, abwera dzulo lake, akupukuta manja ndi kansanza.

"Namatope, ine ku Malomo ndidakuwa, ndidati ndi sewero, ndi sewero. Koma amayi makumi akayamba kulira, chokuzira mawu chimakhala ngati udzudzu."

"Nanga kwina konse mudapitako?"

"Kwina konse pofika pamphasa paja bwalo limangoti zii. Tikamaliza amayi amandizungulira, madzi tiziphitsa nthawi yaitali bwanji, tizisunga m'chiyani. Chiyambire ntchito ino sindidafunsidwepo chotero." Adakanda m'mutu. "Koma amafunsanso kuti mwanayo mudamuika kuti. Kwina adandipatsa mazira kuti ndikapepese mayi wake."

"Mazirawo ali kuti?"

"Msewu ndi wautali, Namatope."

Ndidaseka, koma ndidatuluka ndikuganiza. Ndidakhala pamwala kuseri kwa ofesi. Ndikasiya ntchito, filimu iziyendabe, Esinati azimwalirabe pamudzi uliwonse, ine ndili ku Malomo ndikupalira fodya. Ndikakana kusiya, banja latha, ndipo a Yosofati ndinkawakonda, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Komanso ntchito ndinkaikonda, ndisaname pokalamba. Ndidabwerera m'kati.

"Bwana, galimoto ibwerere ku Malomo, ndipo ine ndikwere nawo, ndi mwana."

"Ochita sewero sayenda. Malo mulibe."

"Ndikhala pa injini ya magetsi."

"Mafuta a ulendo wachiwiri ndiwatenga kuti?"

"Kumene mudatenga mwana wa maliro, bwana. Pamene chidole chidasowa, ine sindidafunse kuti ndimutenga kuti."

A Mbewe adavalanso magalasi, adayang'ana a Chidzanja, a Chidzanja adayang'ana kudenga. "Loweruka," adatero a Mbewe.

Madzulo ake ndidagwada kumbali kwa mtengo wa mango. "Amayi, auzeni kuti uthenga wa maliro udapita ndi chinsalu, ubwezedwe ndi chinsalu. Anthu amene adamuona pamphasa amuone akuyenda, pabwalo lomwelo."

A Gamaliyeli adatsamira ndodo yao. Kenako, "NaBanda, afunseni za mphasa."

"Sindidzagonekanso mwana wamoyo pamphasa, wanga kapena wa mwini. Apo ndidalakwa."

"Afunseni za ntchito."

Ndidayang'ana a Yosofati, iwo akuyang'ana zala zao. Ndidati, "Amayi, auzeni kuti ntchito sindisiya."

AnaBanda adagwira pakamwa. Mawuwo sadawabwereze, adawasiya pomwepo pabwalo ngati mbale yosweka. Ndipo a Yosofati, amene chifikire makolo ao adali asanatsegule pakamwa, adakonza kukhosi. "Bambo, za mphasazo ine ndinkazidziwa. Ndine ndidati kwathu zisamveke. Ankhoswe akakumana, ayambe ndi ine." A Gamaliyeli adagogoda ndodo pansi kawiri. "Tikaone ku Malomo. Anthu akakandiseka, NaPhiri atsala kumudzi, galimoto ibwerera yokha." Ndidavomera.

Loweruka la ku Malomo

Apongozi adatsogola Lachisanu. Ife tidanyamuka Loweruka m'mamawa, ine pa injini ya magetsi, Esinati pamiyendo, a Yosofati atapanikizika pakati pa mitengo ya chinsalu. Pa zitunda za Ntchisi galimoto idakana kawiri, tidatsika kukankha, a Chidzanja akuitukwana mwaulemu, "Amayi, chonde, anthu akutiona." Tidafika dzuwa likulowa. Mbiri idali itatsogola, bwalo la sukulu lidadzaza, ena m'mitengo, ena pa chulu. A Gamaliyeli adakhala kutsogolo pampando wa aphunzitsi, Esinati pamiyendo pao, atamufunda jekete lakuda. Ine ndidaima kuseri kwa galimoto pafupi ndi a Chidzanja.

Kudali koyamba kudziona ndekha. Mai ine, nkhope ngati nkhokwe. Mano ngati makasu. Namatope akutunga padambo, ng'ombe ili pambali pake ikuchita zake, anthu adaseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndidaseka nawo, ndidaiwala kuti ndili pamlandu. Kenako mwana adadwala. Kuseka kudatha. Kenako mphasa. Ngakhale adali atamva kuti mwana ali moyo, mayi wina kumbuyo adayamba kulira, wina adalandira, kulira kudayamba kuyenda m'bwalo ngati moto wa lupsa. A Chidzanja adati, "Ndi sewero, amayi, ndi sewero," koma udzudzu uja. Ndidawalanda chokuzira mawu. Kulankhula sindikadatha, ndiye ndidachita chimene ndimadziwa. Ndidaimba, nyimbo yobadwa pomwepo:

*Pukutani, amayi, pukutani,*
*wa pamphasa uja wadya mango lero.*
*Wa pachinsalu ndi mthunzi chabe,*
*wa kumsana kwanuyo ndiye mwana.*
*Phitsani, amayi, phitsani,*
*Namatope walira, inu musalire.*

Ndidabwereza kachiwiri, amayi ena adayamba kuvomera, phitsani, phitsani. Pamenepo a Gamaliyeli adaimirira. Adachotsa jekete, adanyamula Esinati m'mwamba ndi manja awiri, ndipo poti adaima pakati pa makina ndi chinsalu, kuwala kudamenya mwanayo. Mthunzi wake udagwera pachinsalu, waukulu, pamwamba pa mphasa pomwepo, miyendo ikupalasa, manja akugwira mphepo. Nthungululu idayambira kwa anaBanda. A Chidzanja adaimitsa makina. Bwalo lidadikira, koma ena kumbuyo adali atayamba kale kusekera m'manja.

A Gamaliyeli sadafune chokuzira mawu. "Abale, Lamulungu ndidakuuzani kuti mdzukulu wanga wamwalira. Ndidathamanga ndi uthenga ndisanaone manda. Ufa wanu tabwera nawo, nkhuku yokha ndiyo idatsala ku Boma. Mdzukulu wanga ndi uyu." Adayang'ana pansi pa buluku lao. "Ndipo kuti mukhulupirire kuti ali moyo, wandinyowetsa."

Bwalo lidaphulika. Anthu adaseka mpaka ena kugwa pa chulu. Ine ndinkamvetsera kusekako ngati mmene umamvetsera mvula, kuti kodi ndi yomeretsa kapena yokokolola. A Gamaliyeli nawo ankaseka, mapewa akugwedezeka, mwana ali pachifuwa. Koma mlandu sadaugamule tsiku limenelo. Lamulungu tidapita kutchalitchi, adaimirira pomwe adalengeza maliro n'kupempha nyimbo yothokoza. Lolemba m'mawa a Chidzanja adaliza galimoto. Ine ndidali nditagwada pakhonde, katundu wanga sindidamange, sindidamasule. A Gamaliyeli adali kunola chikwanje, msana kwa ine.

"NaBanda."

"Wawa."

"Auzeni galimoto ingawasiye."

Zaka za pamsewu

Kuyambira pamenepo malo m'galimoto adapezeka. A Mbewe adalemba kalata kwa akuluakulu kuti Namatope aziyenda ndi kanema, ndipo pamudzi uliwonse, mphasa ikafika, ndinkaimba, ndinkakweza Esinati m'kuwala. Adakula akukwezedwa. Atalemera ndidayamba kumuimika pa mpando, atayamba sukulu ndinkangoimba ndekha n'kunena kuti wa pamphasa uja lero ali Sitandade 2, amakhoza masamu. Nthawi ya chilimwe tinkatha sabata ziwiri osaona Boma, kugona m'makalasi, kusamba kumitsinje, a Yosofati akulera azing'ono ake a Esinati ndi mlongo wao. Munthu uja Mulungu amusunge kumene ali. Tidajambula ena ambiri: wa chimbudzi, m'mene Namatope adathamangitsidwa ndi njuchi kuthengo, wa sikelo ya ana, wa anankafumbwe m'nkhokwe. Wa chimbudzi ndiye anthu ankaupempha kawiri. Chidole chidabwera patapita zaka zitatu, choyera ngati mzungu, tidachipaka mwaye.

A Mbewe atasamutsidwa kudabwera bwana wina wachinyamata, wamasukulu, amene adafuna kuti Namatope asinthe, akhale waukhondo pamapeto. Ndidamuuza kuti bwana, Namatope akasamba, anthu aphunzira kwa yani? Adaumirira. Tidajambula umodzi Namatope atasamba, anthu adayamba kubalalika usanathe. Sadabwerezenso. Kenako filimu idaleka kubwera, makina adayamba kudya chingwe, galimoto idakhala pamiyala kuseri kwa ofesi, nkhuku zikuikira mazira pampando wa a Chidzanja. Ine ndidabwerera ku tsache langa ndi ketulo yanga, ndipo ndidasesa mokondwa mpaka tsiku lopuma. Ena amati zidandiwawa. Sizidandiwawe. Ndidayamba ndi tsache, ndidamaliza ndi tsache, pakatipo ndidali wamkulu ngati nkhokwe. Mafilimuwo kumene ali sindidziwa, mwina chiswe chidaonera komaliza. Koma mpaka lero ndikakwera minibasi ya ku Lilongwe, pamapezeka wa imvi wina wondiyang'anitsitsa, n'kuti, "Pepani mayi, kodi si inu a Namatope?" Ndimati ndine. Amati, "Nanga mwana uja?" Ndimati ali ndi adzukulu.

Chotsala n'chimodzi. A Gamaliyeli atakalamba kwambiri, anaBanda atatsogola kale, tidawatenga kudzakhala nafe ku Boma. Wodutsira mawu padalibenso, ndiye tinkangokhala, ine ndikuika chakudya pakhomo, iwo akuthokoza khoma. Sabata yao yomaliza, masana ena, ndidabwera ndi madzi m'kapu, ndidagwada pakhomo la chipinda. Adali atagona chopenya kukhoma.

"NaPhiri."

Kudali koyamba kunditchula ine mwini, zaka zonsezo. Ndidati, "Wawa."

"Nkhope yanu ndidaiona kawiri kokha. Konse pachinsalu."

"Pepani, bambo."

"Ayi. Idali nkhope yabwino. Mwana wanga adasankha." Adapuma, adakhosomola. "Koma madzi aja munkatunga, NaPhiri, adali oipa ndithu."

Ndidasendera ndi maondo, ndidawagwiriza kapu m'manja.

"Awa ndaphitsa, bambo."

Adamwa onse.